Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za chilengedwe: fumbi la nyanja ya Chilwa likutipweteka

Olemekezeka a Nduna,

Landirani ulemu wanga. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala kufupi ndi doko la Kachulu m'boma la Zomba, ndipo nyanja ya Chilwa ndinaiona ikuphwa ndili kamnyamata mu 1968, ndinaionanso itasanduka bwalo la matope ouma mu 1995, kenako ndinaiona ikuthawa magombe ake mu 2012 ndi mu 2018. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa njira zamseri zandikanika. Makalata atatu ndinawalembera ofesi ina ya boma, ndipo yachitatuyo ndinakaipereka ndekha pamanja nditayenda ulendo wa pa kabaza ndi pa minibasi. Anailandira mwaulemu, anandiuza kuti nkhani yanga yamveka ndipo adzabwera kudzaona, koma zaka zadutsa popanda munthu wobwera kapena kakalata koyankha.

Nkhani yanga ndi ya fumbi, ndipo ndiyamba ndi zimene zinachitika m'nyumba mwanga.

Mu Okutobala 2018 madzi anali atathawira kutali kotero kuti munthu ataima pa Kachulu sankawaona bwino, maboti ali chigonere chammbali pa matope ong'aluka. Dzuwa likafika paliwombo, akamvulumvulu ankadzuka pakati pa nyanja youmayo, nthawi zina awiri kapena atatu nthawi imodzi, ndipo mphepo ikalimba madzulo phiri la pachilumba cha Chisi linkazimiririka m'chimtambo chotuwa. Fumbi limenelo silifanana ndi fumbi lofiira la mumsewu limene tinalizolowera. Ndi lotuwa ngati phulusa, losalala ngati ufa woyera, ndipo ukanyambita milomo umamva kamchere. Amayi akunyumba akayanika ufa pamphasa ankautola utasintha mtundu, nsima yake ikumalumika m'mano. Madzi a mumtsuko wovundikira ankapezeka ali ndi kanthu kotuwa pamwamba.

Mdzukulu wanga wamkazi anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anali asanadwalepo chifuwa choti n'kutidetsa nkhawa. Anayamba ndi kutsokomola kouma kwa usiku, maso ali psuu, ndipo tinkangoti ndi chimfine cha m'chilimwe. Usiku wina, tsiku limene fumbi linawomba kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, ndinadzutsidwa ndi kulira kwa mayi ake. Ndinampeza mwanayo atakhala tsonga pamkeka, atagwira mawondo ndi manja, mapewa akukwera ndi kutsika, m'chifuwa mukulira ngati kakhweru. Pansi pa khosi pake pankalowa m'kati nthawi iliyonse akamakoka mpweya. Ankafuna kundiitana kuti agogo, koma mawuwo ankadukira pakati chifukwa mpweya sunkamukwanira. Tinamukulunga m'chitenje chonyowa, mwana wanga wamwamuna anamubereka kumbuyo, ine ndikukankha njinga mumdima chifukwa mchenga sunkalola kupalasa, ndipo njira yonse ndinkayika khutu pamsana pake kuti ndimve ngati akupumabe. Kuchipatala chaching'ono chimene tinafikako anatiuza kuti ndi mphumu, koma mankhwala opopera m'kamwa anali atatha, ndipo namwino amene anatithandiza ananena mosabisa kuti ana obwera ndi vuto lomwelo anali atachuluka mwezi umenewo. Mwanayo anapulumuka, koma mpaka mvula inagwa tinkagona mosinthana, wina ali maso kumvetsera kapumidwe kake, mazenera titawatseka ndi masaka onyowa m'kutentha kwa Okutobala.

Nditafotokoza zimenezi ku ofesi ija, wina anandiyankha kuti chimene chimadwalitsa ana kumudzi ndi utsi wa nkhuni wa kukhitchini. Sindikukana kuti utsi wa nkhuni umawononga mapapo, ndipo ndinkawaphunzitsa ana anga a sukulu zomwezo. Koma khitchini yathu ndi yomweyo, nkhuni zake ndi zomwezo, ndipo mwanayo anakulira pambali pa moto womwewo zaka zisanu ndi chimodzi osabanika. Anabanika nyanja itauma, ndipo madzi atabwerera ndi mvula yamphamvu ya namondwe wa Idai mu 2019 chifuwa chija chinazizira. Ndikudziwa kuti umboni wa nyumba imodzi si kafukufuku, ndipo n'chifukwa chake ndikulembera inu amene muli ndi mphamvu yolamula kuti kafukufukuyo achitike.

Ana a sukulu ankafika m'kalasi akutikita maso. Okalamba amene anadwalapo chifuwa chachikulu ankangokhala m'nyumba masana onse. Amayi oyenda pansi kupita ku Chisi ankadzimanga mipango kukamwa ndi kumphuno, ogulitsa zitumbuwa ndi mandasi pamsika ankangopukuta malonda awo, mbuzi zinkayetsemula m'khola, ndipo zovala zochapa zinkauma zili zotuwa. Zonsezi ndinaziona ndi maso anga, ndipo aliyense wa m'mbali mwa nyanjayi, kaya wa ku Zomba, ku Machinga kapena ku Phalombe, akhoza kukuuzani zake.

A Nduna, mundilole ndifotokoze chifukwa chake fumbi la pansi pa nyanja ndi loopsa kuposa fumbi wamba, ngakhale ndikudziwa kuti akatswiri a muunduna wanu amazidziwa kuposa ine. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani amathira madzi awo mmenemo, Mnembo amabwera ndi ake kuchokera ku Mozambique, koma palibe khomo lotulukira, ndipo madziwo amachoka pokhapokha dzuwa likawamwa. Dzuwa limamwa madzi okha. Mchere, dothi losalala limene mitsinje yakokolola kumapiri, zotsalira za feteleza ndi mankhwala a m'minda, ngakhale zonyansa zimene Likangala amatola podutsa mumzinda wa Zomba, zonsezo zimatsala pansi pa nyanja chaka ndi chaka. Malinga ngati madzi alipo, amakhala ngati chivundikiro. Akaphwa, matopewo amauma n'kupanga kachikhungu kolimba pamwamba, ndipo kachikhunguko kakanati kazisiyidwa kosasweka, mphepo sikanatola zambiri. Koma ziboda za ng'ombe, matayala a njinga ndi a ngolo, makasu a anthu othamangira kulima pa chinyezi, zonse zimakaphwanya. Mphepo ikawomba imayamba kudumphitsa timchenga tokulirapo, ndipo kamchenga kalikonse kakamatera kamamenya dothi losalala lija n'kuliulutsa m'mwamba, kumene limatha kukhala maola ambiri ndi kuyenda mtunda wautali. Pamalo athyathyathya ngati amenewa, opanda mtengo kapena chulu chotchinga, palibe choletsa mphepo kuthamanga.

Tinthu touluka timeneti ndi tating'ono kotero kuti tsitsi limodzi la m'mutu ndi lonenepa kangapo kuposa ito. Akatswiri amatitcha PM10, ndipo tating'ono kwambiri amatitcha PM2.5. Toyambato timadutsa m'mphuno n'kukafika m'njira za mpweya, pamene tachiwirito timalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2021, linati PM10 isamapitirire mamaikulogalamu 45 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya pa tsiku. Funso limene landisowetsa tulo ndi lakuti, usiku umene mdzukulu wanga ankabanika, mpweya wa pa Kachulu unali pa nambala iti? Pa zaka zonse zimene ndakhala kuno ndaona anthu akuyeza kuya kwa madzi, ndaona akuyeza nsomba pa sikelo, ndaona akuwerenga mbalame, koma sindinaonepo chida choyezera mpweya chitaimikidwa pagombe lathu.

Pamwamba pa fumbilo pamabwera utsi. Dambo likauma, njedza ndi bango zimene zimazungulira nyanja zimatenthedwa, ena pofuna malo olima mpunga, ena posaka nyama, ndipo motowo umatha kunyeka masiku angapo. Zomera zimenezi ndizo mpanda wotchinga mphepo pakati pa nyanja youma ndi midzi yathu, ndiponso ndimo mmene matemba, makumba ndi milamba zimabisala kuti zidzaswane madzi akabwerera. Tikazitentha timapuma utsi wake lero, mawa n'kupuma fumbi limene zikanatitchingira. Pamenepa ife eni dera tili ndi mlandu wathu, ndipo sindikuubisa.

Sindikukuimbani mlandu wa mvula, a Nduna. Chilwa ndi nyanja yosaya, ndipo makolo athu ankadziwa kuti imapita n'kubwerera. Koma chimene chikuikwirira msanga ndi dothi lochokera ku mapiri a Zomba, Malosa ndi Chikala amene tawameta chifukwa cha makala ndi minda, pamodzi ndi kulima mpaka m'milomo ya mitsinje. Nyanja ikamakwiririka imasanduka mbale yafulati, ndipo madzi a m'mbale yafulati sachedwa kuuma padzuwa. Madzi enanso amapatutsidwa asanafike kunyanja kuti athirire mpunga ku masikimu monga a Domasi ndi Likangala. Sindikunena kuti masikimuwo atsekedwe, chifukwa abale anga omwe amadya za kumeneko, koma payenera kukhala wina wowerengera kuti m'chaka cha chilala mtsinje uzisiyidwa ndi madzi ochuluka bwanji oti akafike kunyanja.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kukumbukira malonjezo. Mu 1995, nyanja itauma, tinalandira alendo ambiri a magalimoto akuluakulu, tinakhala pansi pa mitengo kumvetsera, ndipo tinauzidwa kuti zimenezi sizidzatipezanso tisanakonzeke. Mu 1997 dziko lathu linalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo Chilwa ndiyo inali malo oyamba amene Malawi inalembetsa. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika dambo la Chilwa m'gulu la malo achilengedwe ofunika kusamalidwa mwapadera. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kusamala chilengedwe kuti anthu a Malawi akhale ndi kugwira ntchito m'malo abwino, ndipo lamulo loona za chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo. Ndinkawerengera ana mawu amenewa m'kalasi ndi mtima wonyada. Koma mpweya nawonso ndi chilengedwe, ndipo ufulu umene munthu sangauyeze ndi wovuta kuufunsa. Nthawi iliyonse nyanja ikaphwa timamva za nsomba zimene zasowa, za asodzi amene asamukira ku Chiuta, ku Malombe ndi ku nyanja ya Malawi, za kolera pakati pa okhala m'zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama pa nyanja. Zonsezo ndi zoona ndipo ndi zowawa, koma za mapapo a anthu otsala pamtunda, amene ambiri mwa iwo ndi amayi, ana ndi okalamba chifukwa amuna apita kukasaka nsomba kwina, sindinamvepo munthu waudindo akuzitchula.

Mwina wina anganene kuti ndikukuza nkhani yaing'ono. Maiko ena anaganizanso choncho mpaka anaona ndi maso. Nyanja ya Aral, pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan, inali imodzi mwa nyanja zazikulu kwambiri padziko, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mitsinje yake iwiri, Amu Darya ndi Syr Darya, inapatutsidwa kuti ithirire minda ya thonje. Lero pamene panali madzi pali chipululu chotchedwa Aralkum, chimene chimaulutsa fumbi la mchere ndi zotsalira za mankhwala a m'minda, ndipo anthu a m'derali avutika zaka zambiri ndi matenda a m'chifuwa. Ku California, nyanja ya Owens inauma pofika m'ma 1920 mzinda wa Los Angeles utapatutsa mtsinje wake kuyambira mu 1913, ndipo malo oumawo anadzakhala gwero lalikulu kuposa onse la fumbi la PM10 m'dziko la America. Mzindawo unakakamizidwa ndi lamulo kukonza zimene unawononga, ndipo wawononga ndalama zoposa madola 2 biliyoni kuthira madzi osaya, kubzala udzu wopirira mchere ndi kuyala miyala pa malo amene fumbi limadzukira. Kuno ku Africa, chigwa cha Bodélé ku Chad, chimene kale chinali pansi pa nyanja yaikulu, chimadziwika kuti ndicho chimaulutsa fumbi lambiri kuposa malo ena alionse padziko, ndipo kufupi ndi kwathu zigwa za mchere za Makgadikgadi ku Botswana ndi Etosha ku Namibia zimatulutsa fumbi looneka ngakhale pa zithunzi za setilaiti.

Sindikufanizira Chilwa ndi Aral pa kukula, ndipo ndikuyamika Mulungu kuti nyanja yathu imabwerera. Koma kusiyana kwina kuyenera kutiopsa. Malo ambiri amene ndatchulawa ali m'zipululu mmene anthu ndi ochepa, pamene m'chigwa cha Chilwa mumakhala anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo midzi yathu yayandikana ndi gombe kotero kuti fumbi silifunika kuyenda ulendo kuti lipeze mwana. Ndalama za Los Angeles tilibe, ndipo sindikupempha miyala kapena mapaipi. Chimene ndaphunzira ku Owens n'chakuti iwo anayamba ndi kuyeza, anapeza malo enieni amene fumbi limadzukira, chifukwa si nyanja yonse imene imaulutsa fumbi mofanana, ndipo atakhala ndi manambala m'manja zinali zovuta kukana kuti vutolo lilipo.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023 tinalira maliro a abale athu ku Phalombe ndi kwina, ndipo madzi a Chilwa anakwera mpaka kumiza minda ndi nyumba za m'mphepete. Ndikudziwa kuti munthu woona madzi amenewo angaone ngati nkhani ya fumbi ndi ya kale. Ine amene ndaona nyanjayi ikupita ndi kubwerera kuyambira ndili mwana ndikukuuzani kuti idzapitanso, ndipo nthawi yokonzekera ndi imene madzi alipo, chifukwa akadzaphwa aliyense adzakhala akuthamanga ndi chimanga cha chithandizo ndi mankhwala a kolera, ndipo za mpweya zidzaiwalikanso monga zinaiwalikira kanayi konse.

Pempho langa lalikulu ndi ili, a Nduna: lamulani kuti zida zoyezera fumbi mumpweya ziimikidwe m'mbali mwa nyanja ya Chilwa chilimwe chikubwerachi chisanafike, pa Kachulu, pa Chisi, ku Namanja ndi ku Swang'oma, ndipo manambala ake azilengezedwa poyera m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe kuti ife opuma mpweyawo tiziwamva. Zida zotere masiku ano zilipo zazing'ono zoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo zikhoza kusungidwa pasukulu kapena pachipatala. Ziyambe kuyeza tsopano madzi alipo, kuti nyanja ikadzaphwa padzakhale chofanizira. Tumaninso akatswiri, ngakhale a ku yunivesite imene ili pafupi nafe ku Zomba konkuno, akatape matope a pansi pa nyanja, makamaka kumene Likangala amathirira, atiuze chimene chili m'fumbi limene timameza. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza asodzi pa wailesi mphepo ya mwera ikamabwera, ndipo ntchito imeneyo yapulumutsa anthu ambiri. Ingalephere bwanji kutichenjezanso za tsiku la fumbi, kuti aphunzitsi asatulutse ana kubwalo ndipo odwala mphumu akhale m'nyumba? Kambiranani ndi anzanu a unduna wa zaumoyo kuti zipatala za m'mbali mwa nyanja zizilemba padera odwala m'chifuwa m'miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, ndiponso kuti mankhwala opopera azifika miyezi imeneyi isanayambe. Khalani pansi ndi mafumu athu pamodzi ndi makomiti a m'madoko kuti pakhale lamulo lomveka loletsa kutentha njedza, ndi njira zodziwika zodutsa ng'ombe ndi ngolo pa nyanja youma kuti kachikhungu kaja kasamaswedwe paliponse. Za mitengo ya m'mphepete mwa mitsinje zanenedwa kambirimbiri, ndipo sindibwereza, koma ndikupempha kuti ndalama zake zizitsatidwa mpaka pa mbande imene yaphuka osati pa imene yabzalidwa patsiku la mwambo.

Ife sitingokhala manja lende. Kuyambira chilimwe cha 2018 ndakhala ndikulemba m'kope la sukulu tsiku lililonse limene fumbi lawomba, mbali imene mphepo yachokera, ndi ana a m'mudzi mwathu amene atsokomola usiku wake. Ndi ntchito ya munthu wokalamba wopanda chida, koma masiku ake ndi oona, ndipo ndidzalipereka kopelo kwa aliyense amene mudzamutume. Mdzukulu wanga tsopano ndi mtsikana wamkulu, ndipo amayendabe ndi kabotolo kopopera m'thumba la yunifolomu. Ndikupempha yankho lolembedwa, lonena tsiku limene chida choyamba chidzaimikidwe pa Kachulu, ndipo likhale la poyera monga mmene kalatayi ilili.

Ndine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Kachulu, Zomba